Chikopa cha Njuzi Chimene Ndinakana Kuvala

Mpaka lero ndikamva amuna akupondaponda pansi povina ingoma, manyazi amandigwira ngati zachitika dzulo. Anzanga amati ndiiwale, koma iwo sanaime pabwalo paja.

Ine kwathu ndi ku Dowa. Boma linandiponya kuno ku Mzimba kudzaphunzitsa pa sekondale ina yoyendera, kufupi ndi nkhalango ya Luwawa. Ndinakwatira konkuno, mwana wa a Shaba, amene amatsogolera gulu la ingoma m'mudzi mwawo. Kusukulu anandipatsa kalabu ya zachilengedwe (aphunzitsi ena onse anaikana chifukwa ilibe alawansi).

Tsiku lina ndili ku Boma, ndikudikira kuti minibasi idzaze, ndinaona pafoni kuti bungwe lina likupereka ndalama kwa anthu ofufuza ndi kuteteza amphaka akutchire. Sankafuna za mikango kapena akambuku ayi, ankafuna tating'ono tomwe anthu satilabadira, monga vumbwe ndi njuzi. Kwa amene simukuidziwa, njuzi ndi mphaka wa miyendo italiitali, makutu akuluakulu, thupi lonse madontho akuda. Ana a kalabu yanga ankandiuza kuti imapezeka m'madambo a m'mphepete mwa nkhalango.

Ndinalemba pulojekiti yokoma kwambiri. Munali makamera otchera m'tchire, ana asukulu oyenda kufunafuna mapazi a nyama, ndi njinga yamoto ya woyang'anira ntchito (woyang'anirayo mwamudziwa kale). Pamene anafunsa ngati anthu a m'deralo amagwiritsa ntchito zikopa za nyamazi, ndinayankha molimba mtima kuti zimenezo zinatha kalekale. Ndinkaganiza kuti eni ndalama amakonda malo opanda mavuto. Ingoma ndinali nditaionerapo, koma maso anga ankathera pa zishango ndi miyendo, sindinafunsepo kuti zimene amavalazo ndi nyama yanji.

Kuchipongozi sindinanene kanthu za pulojekitiyi. Mukudziwa inu, ukangotchula ndalama za bungwe, mawa lake alamu ako onse amadwala dzino nthawi imodzi.

Patapita miyezi anandiimbira foni kuti ndadutsa gawo loyamba, ndipo Mayi Kamwendo a ku ofesi yawo ya ku Lilongwe abwera kudzaona malo asanagamule. Ndalamazo zinali zitafika pakhomo, chotsala chinali kungosangalatsa mlendo. Ndinatuma mkazi wanga kuti akapemphe bambo ake adzavine ingoma polandira mlendo wamkulu. Anandifunsa kuti mlendo wa chiyani, ndinati wa zamaphunziro. Atabwerako anandiuza kuti madala akondwa kwambiri, akuti chikwatirireni aka n'koyamba kuti ndiwapemphe kanthu.

Tsikulo mlendo anafika, mayi wodekha wa magalasi. Ine ndinamulandira m'Chingerezi cholemera, iyenso ankayankha m'Chingerezi. Ana anaimba, ine ndinalankhula (motalika ndithu), kenaka kuseri kwa makalasi kunamveka mdidi.

Ovina analowa pamzere, zibonga m'mwamba, fumbi lili koboo. Ndinamwetulira kaye, mpaka pamene ndinawayang'anitsitsa. Pofuna kundilemekeza, madala anali atauza gulu lonse kuti litulutse zovala za masiku aakulu, zimene amazisunga m'masutikesi. M'chiuno, paphewa, pamutu, paliponse panali madontho akuda. Nyama imene ndinalonjeza kuiteteza inali ikuvina pamaso panga, ndipo sinali imodzi. Walira mvula walira matope.

Poyamba ndinayesa kuima kutsogolo kwa mlendo, ngati kuti thupi langa lowondali lingabise gulu lonse. Kenaka ndinamupempha kuti tikaone dimba la mitengo la ana. Anakana mwaulemu, nati guleyu wamusangalatsa. Anaonera kwa kanthawi, n'kundifunsa kuti zikopazo ndi za nyama yanji.

Apa ndi pamene ndikanangonena zoona. M'malo mwake pakamwa panga panatuluka kuti ndi zikopa za mbuzi zopaka penti. Ndinaonjezanso kuti ndine ndinawaphunzitsa nzeru imeneyi. Mayiyo anangogwedeza mutu.

Nyimbo itatha, a Shaba anabwera chakufupi, thukuta lili kamukamu, n'kuyamba kumulankhula mlendo m'Chitumbuka. Ananena kuti chikopa chimene anavala paphewa chinali cha bambo awo, ndipo njuzi yake inaphedwa iwo asanabadwe. Anadandaulanso kuti zikopa zakale zikutha ndi njenjete, anyamata ofuna kulowa gule alibe chovala, ndiye ena ayamba kutchera misampha m'madambo. Ine monga womasulira ndinauza mlendo kuti madala akuthokoza boma chifukwa cha chitukuko.

Kenaka a Shaba anatembenukira kwa ine. Anavula chikopa chija pang'onopang'ono, n'kundiitana kuti, "Mkweni, zaninge kuno."

Mawu akuti mkweni ndiye mkamwini m'chiyankhulo chawo, ndipo zaka zonsezi anali asananditchulepo choncho. Ankangoti aphunzitsi. Azimayi anayamba kululutira. Mkazi wanga anagwira pakamwa, misozi ikulengeza. Madala anandiika chikopa cha bambo awo paphewa, pamaso pa mudzi wonse, ndipo ndinaona mlendo akutulutsa foni kuti ajambule.

M'mutu mwanga munangobwera chithunzi chimodzi: mteteza njuzi atavala njuzi, chili pa tebulo la eni ndalama. Ndinachivula msangamsanga ngati chili ndi linthumbwi, n'kuwabwezera m'manja. Ndipo pofuna kuti mlendo amve, ndinanena mokweza m'Chichewa kuti, "Pepani apongozi, izi ine sindivala."

Nthungululu zinaduka. Madala anachiyang'ana chikopacho, anachipinda bwinobwino, n'kunena kuti, "Yewo." Ameneyo ndiye zikomo wa m'Chitumbuka.

Mlendo anadzuka pampando, anapita pamene panali madala, anagwada, n'kuwapatsa moni m'Chitumbuka chosalala kuposa cha mkazi wanga. Anadzitchula kuti iye ndi NyaGondwe wa ku Rumphi, dzina la Kamwendo ndi la kubanja. Anacheza nthawi yaitali. Chitumbuka changa ndi cha pamsika, komabe ndinamva mawu akuti mbuzi ndi penti, ndipo ndinaona madala akutembenuka kundiyang'ana. Ine ndinali chiimire, ndikukonza tayi yomwe inali yokonzeka kale.

Pokwera galimoto, mayiyo anandiitanira pambali. Sanakalipe, mwina zikanakhala bwino akanakalipa. Anati bungwe lawo lakhala likufunafuna malo ngati ano, kumene ovina angathandizidwe kusamala zikopa zakale ndi kupeza zovala zina zofanana nazo, kuti anyamata asiye misampha. Anati chimene amafuna ndi munthu amene akulu a mudzi amamukhulupirira.

"Pamene amakuvekani chikopa chija, ine mumtima ndinati munthuyo ndamupeza," anatero. "Chithunzi ndimajambula chija chinali choti ndikakuikireni nacho kumbuyo."

Ndalamazo zinapita kwina. Njinga yamoto ndimaiona ikudutsa ya anthu ena.

Mkazi wanga anakhala masiku akundiyankha ndi mutu wokha. Pamapeto pake anandiuza kuti ndigule mbuzi tikapepese, ndipo tinapita. Madala anatilandira bwino, anamva kupepesa kwanga konse osandidula. Nditamaliza anaiyendera mbuzi ija, anaisisita pamsana, nati, "Yewo chomene, aphunzitsi. Njakututuwa makora, mbwenu penti igwira bwino." Ankatanthauza kuti mbuziyo ndi yoyera bwino, yoyenera kupaka madontho. Alamu anga anaseka mpaka kugwira nthiti. Ine ndinasekanso, nanga ndikanatani.

Madala anandikhululukira, koma chikopa chija sanachitulutsenso pamaso panga. Za pulojekiti ndayesa kangapo kuti ndiwafotokozere kuchokera pachiyambi, monga ndikanachitira kale, koma ndikangoti njuzi, iwo amafunsa za zotsatira za mayeso a ana.

Chimene chimandipweteka kwambiri si njinga ayi. Mwezi wathawu ana a kalabu anabwera kudzandiuza kuti apeza msampha wa waya kudambo, uli ndi ubweya wa madontho. Pa ukwati wina posachedwapa ndinaona mnyamata watsopano m'gulu la ingoma, akuvina monyadira, paphewa pali chikopa chonyezimira chomwe njenjete sinachilawe. Ndinachoka gule asanathe. Ine ndinachita manyazi ndi njuzi imene inafa apongozi anga asanabadwe, pamene imene anavala mnyamata uja inali yamoyo chaka chatha.