Munthu Amene Ndinamumiza mu Shire

Nkhani iyi ndaibisa zaka zambiri, moti ngakhale mkazi wanga anachita kuimvera kwa anthu. Koma manyazi nawo amakalamba. Lekani ndidziulule ndekha, anzanga asanathiremo mchere wawo.

Zinali zaka za m'ma sevente, ndikuphunzitsa ku Balaka. Buku langa loyamba linali litangotuluka, ndipo ndinkayenda ngati msewu ndi wa bambo anga. Lachiwiri ndi limene linandikanika. Anthu a m'bukumo ankalankhula ngati akuwerenga kalata yofunsira ntchito. Ine chikhulupiriro changa mpaka lero n'chakuti wolemba sapeka mawu, amachita kuba pakamwa pa anthu. Ndiye Loweruka lina ndinakwera basi ya ku Liwonde kuti ndikabe.

Ndinavala suti yakuda. Sabata imeneyo maso ankandiwawa, choncho ndinavalanso magalasi akuda.

Pafupi ndi mlatho wa pa Shire ndinapeza katiyirumu kodzaza ndi asodzi ndi ogulitsa mpunga. Phokoso lake! Ankakangana za kanema amene anaonera dzulo lake, wa Mtchaina wina amene anamenya anthu makumi awiri yekha. Msodzi wina wamtali anali ataimirira, akuonetsa kiki yake. Ndinati eya, golide ndi ameneyu. Ndinakhala pakona, n'kutulutsa kabuku ndi bolopeni.

Phokoso lija linangoti zii! Mwendo wa msodzi uja unatsika pang'onopang'ono.

Mwini tiyirumu, Abiti Saidi, anabwera akupukuta manja pachitenje.

"Takulandirani, bwana. Makadi a chipani tonse muno tili nawo."

"Sindinafunse za makadi, mayi. Pitirizani kucheza, ine musandione."

Palibe anapitiriza. M'malo mwake kunabwera tiyi wamkaka, masikono awiri, kenako chambo chokazinga chachikulu ngati nsapato. Ine osaitanitsa. Mumtima ndinati: andizindikira! Kumbuyo kwa buku langa loyamba lija kunali chithunzi changa. Mbiri yafika ku Liwonde!

"Mwandidziwa eti?" ndinafunsa modzichepetsa.

"Takudziwani, bwana," anayankha onse pamodzi ngati ana a sitandade wanu.

Apa ndiye ndinamasuka. Ndinawauza kuti makanema a nkhonyawa ndi useless, munthu umatulukamo mutu uli mbee. Ndinati masewero a pawailesi ndi kukalipirana chabe, apongozi ndi mkamwini sabata ndi sabata. Ndinati nkhani yeniyeni imafuna munthu akhale pansi, aganize.

"Zoona, bwana."

"Ine kanema ndimadana naye kwabasi," anatero msodzi wa kiki uja.

Sindinaonepo anthu omvetsera chonchi. Ana anga a sukulu akanakhala otere, bwenzi onse ali madokotala.

Mkulu wina wovala mzuli, amene anzake ankamutchula Che Amidu, anakhosomola.

"Pepani bwana, zimene mukulembazo zimapita kuti?"

"Ku Blantyre. Akuluakulu kumeneko amawerenga mzere ndi mzere."

"Nanga anthu amene mwawalembawo zimawathera bwanji?"

Funso limeneli linandikoma. Ndinaika foloko pansi.

"Amenewo ali m'manja mwanga, Che Amidu. Wabwino ndimamusiya, akwatire, abereke. Koma woipa ayenera kulangidwa basi, apo ayi anthu saphunzira kanthu. Chaka chatha awiri ndinawatsekera m'ndende. Mmodzi ndinamumiza mu Shire momwemu."

Kapu inagwa penapake, phwaa!

"Analakwa chiyani?" anafunsa Abiti Saidi.

"Ankalankhula kwambiri. Ananditopetsa."

Ndipo sindinaname. Munthuyo ndinamulemba ndekha, koma pofika tsamba la makumi asanu ndi limodzi sindinkadziwanso chochita naye.

Nditatembenuka ndinaona msodzi wa kiki palibe. Chitseko chinali kumbali kwanga, ndiye kuti anatulukira pawindo. Ndinaganiza kuti wathamangira kukaitana anzake kuti adzandione.

"Inuyo Che Amidu nkhope yanu ndaikonda," ndinatero ndikulemba. "Mwalowamo kale."

Mkulu uja anavula mzuli, n'kugwada padothi.

"Bwana, ndili ndi ana asanu ndi awiri. Zija ndinanena za mtengo wa thonje zinali zocheza chabe. Walahi, mtengo ndi wabwino! Ndi wabwino kwambiri!"

Inu amene munabadwa dzulo dziwani kuti masiku amenewo munthu ankatha kusowa chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewa. Aliyense m'chipindamo ankadziwa zimenezo. Inenso ndinkazidziwa. Koma wolemba akamva mawu amoyo, nzeru zina zimapita kutchuthi. Ndinangoona kuti aka kanali koyamba tsiku lonse munthu kulankhula zochokera pansi pa mtima.

"Very good!" ndinatero. "Tabwerezani pang'onopang'ono kuyambira pa thonje paja."

Abiti Saidi anaika manja kumutu n'kuyamba kulira ngati pamaliro.

Nthawi yomweyo panalowa a Makwinja, mnzanga amene tinaphunzira limodzi zauphunzitsi, yemwe ankaphunzitsa ku Liwonde komweko. Ankafuna masikono. Anayang'ana mkulu wogwada, anayang'ana mayi wolira, anayang'ana suti, magalasi ndi kabuku.

"Aise Chiwaya! Wawatani anthuwa?"

"Palibe. Tikukambirana za literature."

"Wawauza kuti ndiwe ndani?"

"Andidziwa okha."

A Makwinja anafunsa anthu aja mwachidule, ndipo atamva yankho anagwira khoma. Anaseka mpaka misozi. Kenako anandivula magalasi ngati akusenda nthochi.

"Abale, uyu si kazitape iyayi! Ndi tichala mnzanga wa ku Balaka. Amalemba nkhani zopeka za m'mabuku. Munthu anamumizayo ndi wapapepala!"

Mawu oti kazitape atandilowa m'khutu, ndinatseka kabuku kaja mwachangu. Ndinayamba kukumbukira zonse ndinanena, chimodzichimodzi, ndipo thukuta linatsika mpaka m'masokosi.

Che Amidu anadzuka. Anasasa fumbi m'maondo, bondo lililonse palokha, n'kubwezera mzuli kumutu.

"Ndiye kuti inu ndinu wabodza chabe?"

"Wolemba mabuku," ndinakonza.

"N'chimodzimodzi."

Abiti Saidi anapukuta misozi, anafika pathebulo panga, ananyamula mbale ya chambo ndili pakati pakudya. Msodzi wa kiki anasuzumira pawindo, atamva kuti kulibe ngozi anakwera kulowa, n'kundiuza kuti Mtchaina wake yekha amaposa mabuku anga onse, olembedwa ndi osalembedwa omwe.

Kenako Che Amidu anatsegula pakamwa. Abale, munthu uja amalankhula! Anandiloza kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato. Mawu ankatuluka ngati madzi a mu Shire akatsegula zitseko za damu pamlatho paja. Asodzi ankagwa m'mabenchi ndi kuseka, Abiti Saidi mpaka analuluta, anthu odutsa mumsewu anaima pakhomo. Chimene ndinakwerera basi chinali chimenechi, chathunthu, chotentha.

Koma zonse zinali m'Chiyao, ndipo ine Chiyao changa chimathera pa moni.

Ndinakoka malaya a mnzanga uja, bolopeni ili m'manja.

"Makwinja, chonde, tanthauzira. Akuti chiyani?"

Anamvetsera kanthawi, akugwedeza mutu mwaulemu.

"Aise, apa afika pa agogo ako aakazi. Iwe ingolemba kuti sanakondwe."

Wopita kukaba mawu aziyamba wanena dzina lake.