Firmin ndi Chandamale cha Mnzake

M'mudzi mwathu muno mukatchula malemu Firmin Cattenoz, aliyense, ngakhale wansembe, amaphatikiza zala ziwiri ngati akutsina nsabwe. Ndi mmene ankayendera mkuluyo: kachitsulo koyezera kali m'manja, maso ali pa chilichonse chobulungira. Nsawawa za m'mbale, mabatani a jekete la a meya, mikanda ya korona ya akazi awo, zonse anaziyeza. Pa dziko lino ankafunapo chinthu chimodzi basi, chipolopolo cha mtovu chokwana ndendende mu volovolo ya agogo awo, kamfuti kam'manja ka asilikali a nthawi ya akavalo.

Ine ndathira vinyo ku kalabu yowombera mfuti kuyambira ndili mtsikana. Sukulu ndinaisiyira panjira, koma phunziro ili lokha ndinalimva mpaka linandikwana.

"Solange, tamvera," ankatero a Firmin atatsamira pa kauntala. "Chipolopolo chikachepa ndi tsitsi limodzi, sichigwira mizere ya mumpope wa mfuti, chimatuluka chikudzandira ngati chidakwa. Chikakula, gogoyu andiphulikira m'manja."

"Osangogula zopangapanga bwanji, bambo?"

"Sitolo yake inatsekedwa agogo ako asanamere mano."

Choncho ankaumba okha. Mtovu unasowa m'mudzi monse. Makatani a m'tchalitchi anayamba kuuluka pa Misa chifukwa tizitsulo towalemetsa tinali titasungunulidwa kalekale. Poyeza mpope ankakhomereramo kachidutswa ka mtovu wofewa ndi kamtengo, kakatulukira mbali ina n'kukapana ndi kachitsulo kawo. M'mawa kankanena zina, akadya tchizi ndi kumwa kapu kankanena zinanso. Iwo ankati mfutiyo imatupa masana.

Tsiku lina adokotala anawalembera mankhwala aja olowetsa kumbuyo. A Firmin anatulutsa kamodzi, kukayeza, n'kupukusa mutu.

"Adokotala, mwasankha bwanji kukula kwake pomwe mpope simunauyeze?"

Adokotalawo mpaka lero akawaona a kwa Cattenoz amawolokera tsidya lina la msewu.

Tsono chaka chilichonse, mphesa zikakololedwa, kalabu imachititsa mpikisano, ndipo wopambana amatenga ntchafu ya nkhumba yowamba. Kumanzere kwa a Firmin kunkaima mnzawo wa paubwana, a Léonce Vuillermoz. Amenewa anali a positi, ndipo ndi maso awo osaona bwino anayambanitsa mabanja angapo poponya makalata m'nyumba zolakwika. Akawombera, zipolopolo zinkakalima phiri la kuseri. Za a Firmin nazo, pokhala zochepa, zinkakhota ulendo womwewo nthawi zonse, kudutsa chandamale chawo, n'kukagwera pakati penipeni pa chandamale cha a Léonce. Pepala la a Firmin loyera, la a Léonce mabowo asanu ndi limodzi, ndipo ntchafu kwa a Léonce.

Tonse tinkadziwa, poti mabowowo anali ataliatali, a chipolopolo chofika chammbali. Koma ndani akanayankhula? Chimwalirireni akazi awo, a Léonce ankameta ndevu ndi kutuluka m'nyumba chifukwa cha mpikisano wokhawu. Ntchafuyonso ankaidulira pa kauntala panga pomwepo, tonse n'kudya. A Firmin okha ndiwo sankadziwa. Iwo ankakhulupirira kuti zawo zimasungunukira m'malere.

"Unalasa chiyani chaka chino, nkhalamba iwe, mtambo?" ankaseka a Léonce, nyama ili m'kamwa.

"Idya. Tsiku limene ndidzapeze saizi yake udzanyambita fupa."

Ndipo anaipezadi. Pa msika wa zinthu zakale anatola chikombole chadzimbiri choumba zipolopolo zobooka kumatako. Onga ukaphulika, matakowo amatambasuka n'kugwira mizere okha. Kutatsala masiku ochepa kuti mpikisano uchitike, awiriwo anabwera kudzayeserera. A Firmin anawombera kasanu n'kamodzi, zonse pakati pa chandamale chawochawo, timabowo tozungulira ngati maso a nkhuku. Munthu wamkulu anavina ndi mwendo wanyamakazi, chipewa n'kugwera mu ndowa yamadzi.

Kenako ndinabweretsa pepala la a Léonce. Linali loyera ngati nsalu ya paguwa. Iwo analiyandikizitsa kumphuno, kulitembenuza, kuliyang'ananso kumbuyo.

"Basi, achimwene, ndakalamba," anatero akuvala chikhoti. "Lamlungu musandidikire."

Atatuluka, a Firmin anaima nthawi yaitali pa khoma pamene timakhomapo mapepala a opambana. Anatulutsa kachitsulo kawo n'kuyeza bowo limodzi lalitali pa pepala la a Léonce. Anayezanso la chaka china, ndi la chinanso.

"Solange, kodi zipolopolo zangatu izi?"

"Ine ndimathira vinyo, bambo."

Lamlungu a Firmin anafika akukoka a Léonce pa mkono, ndevu zosameta, akukalipa njira yonse. Ine ndinasuzumira m'bokosi la a Firmin. Munali zipolopolo zakale zija, zochepa.

"Nanga chikombole chatsopano?"

"Chabodza chimenecho."

"Ine ndinaona ndi maso angawa."

"Unali utalawa katundu wako."

A Léonce anapambana. A Firmin anadya gawo lalikulu kuposa tonse, uku akudandaula mokweza kuti vuto ndi tsitsi limodzi lokha, chaka chamawa tidzaona. Anapitiriza kuphonya choncho mpaka chifuwa chinawatenga m'nyengo yachisanu.

Masiku ano ku kalabu aliyense amalasa chandamale chake, amalipira kapu yake, n'kumapita. Ntchafu ya chaka chino inatengedwa ndi mkulu wina wa ku tauni wa mfuti yonyezimira, ndipo anapita nayo kwawo yosadula. A Léonce anabwerabe, atameta bwinobwino. Anaima pamalo pawo, kumanja kwawo kulibe munthu, n'kuwombera kasanu n'kamodzi. Pepala litabwera lopanda bowo, tonse tinangoyang'ana pansi. A meya analitenga mwakachetechete, kulibisa kuseri kwa kauntala, n'kusolola pensulo kuti abooleko pang'ono.

A Léonce, amene saona ngakhale chitseko, anatambasula dzanja.

"Siyani pensulo, a meya. Pa nonsenu palibe amene amadziwa kuphonya ngati iye uja."