Mmene Ndinagwetsera Chigafa cha Eni ku Magodi

Ndinene kaye kuti ine si dalaivala wa dzulo. Thiraki ndayenda nayo mpaka ku Beira, ku Dar es Salaam, ngakhale ku Congo, osapondapo ndi nkhuku yomwe ya munthu. Ndiye mukamva anzanga a pamsewu akunditchula kuti "a Chigafa", musathamangire kuseka. Imvani kaye mbali yanga, chifukwa olakwa pankhaniyi alipo ambiri.

Unali mwezi wa Marichi, mvula isanathe. Abwana anga a ku Lusaka (kwathu ndi ku Dedza, ku Zambia ndinatsata ntchito) anandipatsa simenti yopita kudera la Magodi, komwe ankamanga sukulu. Kumtunda kwa Chipata ndinali ndisanapondeko. Mpaka pa boma la Lundazi zonse zinali bwino, koma nditayenda pang'ono kutuluka m'tauni ndinapeza kamlatho katakokoloka. Okonza msewu anaikapo migolo ndi chikwangwani cha muvi woloza kumanzere. Muvi umodzi basi. Kutsogolo njira inagawikana patatu, popanda ngakhale kasanza komangirira pamtengo. Kodi anthu amenewa amayesa tonse tinabadwira konko?

Ndinatsegula mapu a pafoni. Mayi wolankhula m'menemo, yemwe sanakankhepo ngakhale wilibala, anandiuza mwachifatse kuti nditenge ya pakati. Ine pokhala munthu wosamala ndinaimitsanso bambo wina wa panjinga. Anati "Monire adada," ine n'kuti "Yewo" (Chitumbuka changa chimathera pomwepo). Ndinamufunsa m'Chinyanja ngati njirayo imafika ku Magodi, iye n'kuvomera kuti ndi yomweyo, ndipo ndi yachidule. Ndinafunsanso ngati zonyamula katundu wolemera zimadutsa. Anayang'ana thiraki kuyambira kumutu mpaka kumchira, n'kunena kuti, "Zimapita." Ndinadzamva mochedwa kuti ankanena ngolo za ng'ombe.

Poyamba msewu unali msewu ndithu. Kenako pakati panayamba kumera udzu. Kenako chimanga cha m'mbali chinayamba kukwapula magalasi. Apo n'kuti netiweki itathawa, ndipo mayi wa m'foni uja atangoti zii, ngati si iye anandilowetsa. Mudzafunsa kuti bwanji sindinabwerere. Ndi pati pamene munthu angatembenuzire thiraki ndi tirela yake pakati pa mizere ya chimanga? Ndinapitirira, ndikudzilimbitsa mtima kuti patsogolo pakula.

Nditafika pa kamudzi kena ndinaona bwalo ndipo ndinati mwayi ndi uwu. Ndinakhotetsa, n'kuika livesi. Ndinamva kuti phwa. Pagalasi ndinaona chigafa chodzaza ndi fodya chikuwerama pang'onopang'ono, ngati munthu wogwada m'tchalitchi, mpaka chinagona. Pofuna kuthawa pamenepo ndinaponda moto, matayala akumbuyo n'kumira m'nthaka yonyowa mpaka pakati.

Mwini chigafacho anali mayi wamasiye, aNyaZimba, wamfupi, khasu lili paphewa. Sanakalipe, ndipo bwenzi zitandipepukira akanakalipa. Anazungulira fodya wawo, thukuta la chaka chonse lili pansi, kumwamba mitambo ikuda. Ine ndinayamba kufotokoza za muvi, za bambo wa panjinga, makamaka za foni.

"Adada," anatero, "iyo foni ndiye inagwila chiwongolelo?"

Anatambasula dzanja n'kunena kuti kiyi asunga iwo mpaka chigafa chiimirire. Ine, bambo wa ana anayi, ndinapereka.

Mudzi wonse unathamanga kututira fodya m'katchalitchi ka pafupi mvula isanagwe, nane ndikuthamanga nawo, nsapato zanga zaulendo zili matope okhaokha. Tinapulumutsa wochuluka, ngakhale wina anaphwanyika. Nditapeza mpata ndinakwera pachulu kusaka netiweki, n'kuuza abwana kuti ndachedwa pang'ono pamzere wa galimoto pamlatho. Anandiyankha kuti thirakiyo akuiona pakompyuta yawo, ndipo akufuna kudziwa kuti ndi mzere wanji umene umaima pakati pa munda. Anawonjezera kuti thumba limodzi la simenti likangonyowa ndisavutike n'kubwerera ku Lusaka.

Ndinakhala pamudzipo masiku awiri. Ndinadula mphanda, ndinakumba mayenje, ndinasenza udzu, manja ozolowera chiwongolero n'kutuluka matuza. Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti bambo wa panjinga uja anabwera, n'kukhala pamthunzi akudya nzimbe, akuuza anthu kuti iye anandichenjeza ndi maso. Ndi maso. Munthu pakamwa ali napo.

Tsiku lachitatu, chigafa chitaimirira ndipo kiyi atandibwezera, tinatsitsa matumba ena a simenti, n'kuwafunditsa tenti, ndipo thirakitala ya mlimi wina inandizula m'matope. Titapakiranso, kunalibe kuchitira mwina koma kubwerera chambuyo njira yonse ija. Amene ananditsogolera anali aNyaZimba omwewo. Ankayenda kumbuyo kwa tirela akukupiza chitenje, kumanja, kumanzere, ima, ndipo ndinene zoona, ankadziwa kuposa anthu ambiri amene ndagwira nawo ntchito. Titafika pamphambano anandilozera njira yoyenera, ya kumanja, yotakata bwinobwino. Anandipatsa mawungu awiri, n'kundiuza kuti chigafa ndamanga chokhota koma achilandira, poti aona kuti kuwongola zinthu si mphatso yanga.

Simenti inafika youma, ntchito sinandithere. Nditafotokoza kunyumba, mkazi wanga anati phunziro lake n'lakuti mwamuna azivomera msanga akasochera. Ine ndinakana, ndipo ndikukanabe. Sindinasochere. Ndinali panjira yolondola, kungoti ndinabwera ndi galimoto yolakwika.