Mayi Theka ndi Makina Opanda Miyendo

M'chaka cha 1991 khoti la m'tauni mwathu linathetsa maukwati makumi atatu ndi awiri, koma umene anthu amaukambabe ndi wa telala uja tinkamutcha Mayi Theka, amene anasoka zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pa makina opanda miyendo.

Chigamulo chinali cha mizere iwiri. Ngongole ya makina osokera, amene banjalo linatenga kusitolo, igawidwe theka ndi theka. Ndipo mwamuna, yemwe anali kalipentala, azipereka chithandizo pa tsiku loyamba la mwezi uliwonse. Kalipentala anaumvetsa mzere woyambawo kuposa mmene woweruza ankafunira. Mawa lake anafika ndi sipanala, nanena kuti wolipira theka la ngongole ndiye mwini theka la katundu. Anamasula miyendo, chopondera ndi lamba, nakweza pa wilibala. Maganizo ake anali akuti njala ikaluma, mayiyo adzabwera chogwada, kudzapempha miyendoyo ndi kulonjeza kuiwala za chithandizo.

"Tengani, bambo a mwana," anatero mayiyo. "Yendani nayo. Ine pano sindikusuntha."

Pa 1 Epulo chithandizo sichinaoneke. Pa 2 Epulo Mayi Theka anasenza mutu wa makinawo, nakautula pakhonde la shedi ya kalipentala, pa benchi limene linkadikira wogula. Anayamba kusoka, dzanja lamanja likupukusa gudumu, lamanzere likukankha nsalu. Aliyense wodzafunsa mtengo wa mpando ankamva mlandu wonse, kuyambira tsiku la ukwati kufikira la chigamulo, ndipo ambiri ankachoka opanda mpando koma atayezedwa m'chiuno.

"Mayi a mwana, mukundithamangitsira makasitomala."

"Sindinathamangitse munthu ine. Onse ali apa, akudikira mathalauza awo."

Kalipentala anapirira masiku atatu, lachinayi analipira. Umenewo ndiwo unakhala mwambo wa msewu wathu. Pa miyezi 228 bamboyo analipira pa nthawi yake kasanu ndi kanayi kokha. Mu 1998 anachedwa masiku makumi awiri ndi asanu ndi limodzi, ndipo mayiyo anasokera pakhondepo mayunifolomu a sukulu yathunthu, ana nkumayenda chaka chonse ndi utuchi m'matumba.

Mayi Theka analimaliza theka lawo la ngongole m'miyezi khumi ndi inayi. La kalipentala linatenga zaka zisanu ndi chimodzi. Mkono wamanja wa Mayi Theka unakula ngati wa wosula makasu, moti wopatsana nawo moni ankayamba wawerenga zala zake asanapitirire. Alongo awo atasonkha ndalama mu 1996 kuti awagulire miyendo ina, anawabwezera.

"Achimwene, miyendo ndili nayo. Kungoti wina akundisungira."

Mu 2003 kalipentala, imvi zitayamba, anati miyendoyo akatenge ulere. Mayi Theka anayankha kuti chinthu chimene chinachoka pa wilibala chimabwerera pa wilibala, dzuwa likuswa mtengo, msewu wonse ukuona. Bamboyo manyazi anamugwira, ndipo nkhani inathera pomwepo. Ena amati kuyambira chaka chimenecho ankachedwa dala, poti khonde lopanda phokoso la makina linkamusowetsa mtendere. Zimenezo palibe pamene zinalembedwa.

Mayi Theka anamwalira pa 17 Malichi 2010, asanagwadire munthu. Pa 2 Epulo msewu unadzuka uli zii. Oyenda pansi ankafika pa shedi paja, nkuchepetsa liwiro, ngati aiwala chimene anadzera. Kalipentala anapukuta benchi lija, nakana anthu awiri amene anafuna kuligula.

Pa 3 Epulo, dzuwa lili pamutu, anakankha wilibala msewu wonse kufikira kwa mwana wawo wamkazi, amenenso ndi telala. Miyendoyo inali yonyezimira mafuta, ndipo pamwamba pake panali envulopu ya chithandizo cha Epulo. Mwanayo analandira envulopu, miyendo nkuibweza. Mpaka lero amasoka ndi dzanja, pa makina omwewo a amayi ake.