Mabaluni pa Tsamba la Mabokosi a Maliro

Kwa Bwana Mkulu wa Zamakono,
Kampani ya Tsogolo Lafika,
Lilongwe.

Wolemekezeka Bwana,

Ndine Amosi wa ku Kawale, mmodzi mwa ana anu omanga masamba a pa intaneti, uja mumamuitana kuti "iwe" mukasowa tchaja. Ndalemba poyera chifukwa ku ofesi mumakhala muli pa miting'i, pomwe kuthokoza kwandidzaza mumtima.

Choyamba, zikomo chifukwa cha lamulo lanu la chaka chatha loti tsamba lililonse tizilimanga ndi zidutswa zopangiratu. Batani, menyu, dengu logulira, zonse zimabwera zosokasoka ngati za pa kaunjika, ife n'kumangolumikiza. Ntchito inkathamangadi. Sitolo ya pa intaneti imene tinamangira mayi wophika makeke a ukwati ku Area 23 ndi yomweyonso tinapatsa a Anock, okhoma mabokosi a maliro ku Biwi. Lero namfedwa akadina batani kuti agule bokosi, pafoni pamauluka mabaluni ofiira, kenako mawu omuuza kuti wasankha bwino, abwerenso msanga. M'munsi mwake timamulonjeza kuti akatenga awiri timutsitsira mtengo. Nditapempha kuti ndichotse mabaluniwo, munati zidutswazo sizikhudzidwa, zinapangidwa ndi akatswiri a kunja, nanga ine ndine ndani.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha kutembenuka mtima kwanu. Mutabwerako ku msonkhano wa ku hotela uja, chikwama chatsopano chili paphewa, munalengeza kuti zopangiratu ndi za alesi. Munati tsopano chinthu chilichonse tizichiveka tokha ndi timawu ting'onoting'ono, kena ka mtundu, kena ka kukula kwa zilembo, kena ka mpata wa m'mbali, mpaka batani limodzi kulongolola kuposa kondakitala wa ku Area 25. Kunena zoona, ndinasangalala. Njirayi imawawitsa maso, koma ndi ya utelala: umayeza, n'kudula mmene mwini wake akufunira. Ndinayamba kuliveka tsamba la a Anock zakuda, zaulemu. Ndili pakati, mlamu wanu anakunong'onezani kuti zopangiratu zabwereranso m'fasho, inu n'kusintha pasiwedi kuti tisakhudze kalikonse mpaka mutaganiza bwino. Mukuganizabe. Choncho kumtunda kwa tsambalo kuli maliro, kumunsi kuli phwando.

Chachitatu n'chaching'ono, chisakusowetseni mtendere. A Anock ndi malume ake a Pamela, mtsikana amene ndikufuna kumanga naye banja, ndipo ndine ndinawanyengerera kuti abweretse bizinesi yawo kwa ife. Sabata yatha banja lina la ku Chinsapo linataya bambo awo. Linagula bokosi pafoni, mabaluni n'kuuluka pamaso pa mayi wofedwayo. Atachoka kumanda anatengana ndi akuluakulu a mpingo kupita ku Biwi, kukafunsa chimene chawasangalatsa a Anock pa imfa ya bambo awo. A Anock anandiitanitsa, ngakhale mpando sanandipatse. Anati chinkhoswe sichichitika mabaluni asanachoke, chifukwa mwana wa mlongo wawo sangamupereke kwa munthu woseka maliro. Pamela sakuyankha foni. Zikundiwawa, Bwana, koma ndikudziwa kuti inu muli ndi zikuluzikulu zoti muganize.

Sindingakuuzeni njira yoti musankhe. Zonse ziwiri zimagwira ntchito, bola munthu asamazisinthe ngati malaya. Ndikungopempha pasiwedi ija, masana amodzi okha. Ngati n'zosatheka, dzichepetseni mupite nane ku Biwi, mukawafotokozere nokha a Anock za akatswiri a kunja aja. Akakulandirani bwino. Nawonso ali ndi njira ziwiri, mabokosi okhomeratu ndi ochita kuyeza, ndipo ataona chithunzi chanu pa tsamba lathu anati inu mudzafunika loyeza. Mulungu akusungeni zaka zambiri. Koma tsikulo likadzafika, batani lija ndidzalidina ndekha, kuti akwanu nawo adzaone mabaluni amene munawakonda.

Ine wanu wogwada ndi maondo onse awiri,
Amosi,
Kawale.