Njinga ya Apongozi Ikwera Chulu

Lolemba

Zodabwitsa pa msika wa Bangula lero! Mzungu pa njinga. Osati m'galimoto ayi, pa njinga, thukuta kamukamu ngati ife tomwe. Mutu uli mbee, akuti anamumeta polowa m'dziko muno chifukwa tsitsi linali lofika m'mapewa, ndipo boma silifuna zimenezo.

Njinga yake:
matayala onenepa ngati mlamba wa m'Shire
magiya ochuluka ngati mano a ng'ona
madigadi nkhabe
keliyala nkhabe

A Alufandika okonza njinga, amene anatola Chingerezi ku esiteti ya nzimbe, amufunsa. Akuti kwawo njinga zotere sayenda nazo mumsewu. Amakwera nazo mapiri, kudutsa m'nkhalango za nyama, kutsata m'mbali mwa nyanja. Osanyamula kanthu, ngakhale thumba la mapira. Kungotopa basi, masewera ake ndi omwewo.

Ine ndaimirira pakati pa ogulitsa nsomba. Ndati zimenezo ine ndinayamba ndili m'mimba mwa amayi anga. Mawa phiri, kenako nkhalango, kenako nyanja, Loweruka nonse mubwere kwathu mudzaone katswiri. Awomba m'manja. Ena amaseka, koma manja ndi manja.

Njinga ndilibe. Koma ilipo ya apongozi aamuna, yakuda, imene imagona m'nyumba itafunda chitenje pamene ine mkamwini denga langa likudontha. Iwo akwera sitima dzulo kupita kuchipatala ku Blantyre, mwendo ukuwavuta. Mawu awo ponyamuka: "Akamwini, muziipukuta chabe. Muikwere Lamulungu lokha, podzanditenga pa siteshoni."

Amake Zione, mkazi wanga, akuti: "Mukaiwononga, mphasa yanu ndipinda ndekha, mubwerere kwanu ku Nsanje."

Akazi mantha! Njinga imawonongeka ndi kukhala.

Lachiwiri

Vuto laling'ono. Kuno phiri kulibe. Chigwa chonse chili see ngati mphasa. Mapiri ali uko kumadzulo, kutali, ndipo dzuwa la kuno limaphika dzira m'thumba la kabudula.

Koma kuseri kwa khola la apongozi kuli chulu. Chachikulu! Ndikaima pamwamba pake ndimaona Chiromo, Nsanje, ndi asilikali a ku Mozambiki akumwa tiyi.

Poyamba ndapeputsa njinga kuti ifanane ndi ya mzungu. Madigadi pansi. Keliyala pansi. Pampu pansi. Nyale pansi. Yaoneka ngati nkhuku yosola, koma liwiro lili momwemo.

Kukwera: njinga yakana. Ndainyamula paphewa. Sizochititsa manyazi ayi, mzungu uja nayenso amatero, ndikukhulupirira.

Kutsika: eee! Mphepo m'makutu, misozi ikupita chakumbuyo. Ndagwira buleki, buleki yatsala m'manja mwanga. Ndagwira inayo, yalira kamodzi n'kumwalira. Ndalowa m'khola pakhomo, ndatulukira pamene panalibe khomo. Tonde wa apongozi wandiperekeza kumsana.

Belu likulira bwinobwino. Ngiri ngiri!

Ndabwerera kunyumba ndapeza amake Zione asanjika keliyala pamafuwa, akuwotcherapo makakana. Akuti anaona yatayidwa. Nsombazo zakoma, sindinama, koma keliyala yapindika ngati nthochi.

Palibe kanthu. Katswiri safuna mabuleki. Chidendene cha nkhwaila yanga ndiye buleki.

Lachitatu

Lero minda ya thonje, njira yachidule yopita kunkhalango.

Minga! Minga ya kuno siidikira kuti uiponde, imachita kukuthamangira. Tayala lakutsogolo: fyuu. Lakumbuyo, pomva chisoni: fyuu. Pampu ndinaisiya kunyumba chifukwa cholemera.

Ndakankha mpaka kwa a Alufandika pansi pa mtondo. Amiza chubu m'beseni la madzi, beseni lonse lawira ngati thobwa. Akuti: "Xamwali, apa sindikuona chubu, ndikuona sefa." Zigamba zawo zatha, sulushoni watha, asema zigamba pa chubu chinacho kuti amate choyambacho. Tsono ndili ndi chubu chimodzi chobooka ndi china chimene chasanduka malegeni.

Nzeru yawo: phatikirani udzu m'matayala, monga amachitira amalonda a nsomba chubu chikawathera kutali ndi kwawo. Udzu suphulika.

Pyadidi, zabwino zedi! Bwanji azungu sanaganize zimenezi? Ndaphatikira udzu, ndatsendera ndi mtengo, ndamanga ndi malegeni. Njinga ikuyenda modumpha, gudu, gudu, gudu, mano akugundana. Ndadziluma lilime, koma minga ndikuiponda dala tsopano. Ibwere!

Amake Zione afunsa chifukwa chake njinga ya bambo awo yamera ndevu.

Lachinayi

Nkhalango ya boma yosungira nyama. Ndalowera pamene mpanda unagwa.

Kukongola kwake! Mitengo ya tsanya ili ndandanda, miyala ikuluikulu, timitsinje touma ta mchenga, kukwera, kutsika, kukwera. Apa ndiye ndamumvetsa mzungu uja. Mphoyo yandiona, yathawa. Njiri yandiona, yaimika mchira, yathawa. Njati yandiona, sinathawe. Ndathawa ndine, mwaulemu.

Pothawapo udzu wa m'matayala wasanduka ufa. Ndakhala pansi, ndazula wina watsopano, ndaphatikira.

Ndikungomaliza, mlonda wa nkhalango uyu, mfuti paphewa. Sanafunse za ine. Wagwada, wanunkhiza tayala. Akuti: "Udzu uwu ndi wa boma. Sutuluka muno popanda chilolezo."

Ndati bwana, udzuwo sukutuluka, uli m'kati mwa tayala. Akuti ndiye tayalalo litsale. Tavutana, tagwirizana: lakutsogolo ndichotse udzu wonse ndiubwezere pamene ndinauzula, lakumbuyo litsale ngati umboni. Ndabzala udzu wa boma ndi manja anga, iye akuyang'anira mizere.

Potembenuka, nyani wamkulu wakhala pamwala, chishalo cha apongozi chili m'manja. Akuchinunkhiza, akuchiluma, kenako wachikhalira. Chamukwana! Mlonda akuti nyani nayenso ndi wa boma, sindingamugende.

Zotsala:
felemu
mahandulo
malimu awiri, limodzi lovala tayala, lina lamaliseche
tcheni
belu

Ndabwerera choimirira. Akatswiri onse amapalasa choimirira.

Amake Zione atulutsa mphasa yanga, aiyanika padzuwa, akuiyeza ndi maso.

Lachisanu

Nyanja kuno kulibe, koma dambo lilipo, madzi osaona tsidya. Nyanja yomweyo, kusiyana dzina.

Pachishalo ndamangapo chigoba cha dzungu. M'tayala lotsala ndaphatikira udzu wauwisi wa m'dambo, wonona, wosakhala wa boma, ndafunsa kaye.

Njira ya m'mbali mwa madzi ndi yokoma. Akakowa mbuu, asodzi m'mabwato akuimika nkhafi kundiyang'ana. Limu lamaliseche likulira ngwee ngati sitima. Ndikumva mapazi kumbuyo. Ndati anthu ayamba kunditsata, mbiri yafala!

Ndacheuka. Ng'ombe. Khola lathunthu, malilime panja, maso onse pa tayala langa. Udzu ukutuluka m'mbali, ukuzikupiza pamphuno.

Ndapalasa. Zathamanga. Ndaliza belu, zawonjezera liwiro, kaya zimayesa kuitana. Buleki palibe, njira yatha, dambo lili apo.

Phava!

Matope mpaka m'chiuno. Ng'ombe zadya udzu, zadya malegeni, nkhunzi yatafuna tayala ngati chingamu, ina yamaliza ndi dzungu. Msodzi wina wachifundo wakoka njinga ndi chingwe. Yatuluka, koma gudumu lakumbuyo latsala pansi pamodzi ndi tcheni. Kenako mvuu yavuuka chapatali, limu lili pakhosi ngati mkanda wa mkwatibwi. Msodziyo akuti sanaione. Amayang'ana kwina, si vuto langa.

Ndati takhuta, zikomo wa kuno ameneyo, ndasenza zanga.

Belu lamwa madzi, koma likulira. Chinthu cholimba!

Loweruka

M'mawa kwa a Alufandika ndi katundu wanga mudengu. Ayang'ana, avula chipewa. Akuti: "Ine ndimakonza njinga, sindiika maliro."

Masana anthu abwera, monga ndinawaitanira. Ogulitsa nsomba, amayi a zitumbuwa, ngakhale msodzi wadzulo. Azungulira chulu. Katswiri sabweza mawu. Ndakwera ndi felemu paphewa, gudumu limodzi kutsogolo, ndaima pamwamba, ndayamba kufotokoza za magiya.

Apo anyamata a chipani atulukira, malaya ofiira. Akuti msonkhano uwu waitanitsa ndani, chilolezo chili kuti, makhadi tione. Anthu anzeru! Nthawi yomweyo amayi a zitumbuwa ayambitsa nyimbo yotamanda boma, aliyense m'manja phaphapha, ngati ndi zimene anabwerera. Ine pamwamba pa chulu, felemu m'khosi, ndavina. Ndavina kwambiri moti wamkulu wawo wandiyamikira.

Pakuvinapo nati ya gudumu yamasuka. Gudumu lomaliza latsika chulu lokha, mowongoka, mwaulemu, osagwa, ladutsa khola, ladutsa dimba, lalowa mumtsinje. Anthu aliwombera m'manja kuposa ine.

Felemu ndi mahandulo anyamatawo atenga, akuti zikhala bwino popachikapo mbendera.

Mphasa yanga ndaipeza yopindapinda, yomanga ndi luzi, yatsamira pakhomo. Amake Zione akuti: "Sindikukuthamangitsani ine. Njinga ndi ya bambo, chigamulo n'cha bambo. Mawa akubwera pa sitima."

Ku Nsanje kuli chiyani? Azibale anga ndinawauza kuti kuno ndine kapitawo wa minda.

Lamulungu

Pa siteshoni. Malaya oyera, tsitsi lopesa, belu m'thumba.

Sitima yafika mochedwa monga mwa masiku onse. Apongozi atsika, mwendo wokulunga bandeji mpaka m'bondo, ndodo m'manja. Ayang'ana kumanja kwanga. Ayang'ana kumanzere. Ayang'ana kumbuyo kwanga, kaya ndaibisa.

Ndagwada. Ndapereka belu ndi manja awiri.

Ndafotokoza zonse, chulu, minga, boma, nyani, ng'ombe, mvuu. Alitembenuza belu lija, alipukuta ndi mpango, aliliza. Ngiri ngiri.

Akuti: "Ili mwalisamala."

Ine mtima uli ku mphasa.

Kenako akuti: "Kwanu simupita, akamwini. Mukapita, ine ndiyenda pa chiyani? Weramani."

Ndawerama. Akwera.

Chigamulo andiuza tili m'njira: mpaka thonje langa lidzagule njinga ina, kutchalitchi ndi ine, kuchipatala kukatsukitsa bala ndi ine, kumaliro ndi ine. Khutu lakumanja akakoka, ndikhote kumanja. Lakumanzere, kumanzere. Akakoka onse awiri, buleki.

Tadutsa pakati pa msika, iwo akuliza belu kuti anthu apatuke. A Alufandika akuwa kuti ndikaphulika ndibwere, udzu ulipo.

Mphasa yabwerera m'nyumba. Msana ndiye wapita kwawo.

Komabe tinene zoona. Njinga ngati ine kulibe chigwa chonse chino. Minga sindiphulika nayo, ng'ombe sizindidya, ndikuyenda pa mapira okha.

Apongozi akuti mawa m'mawa ndiwakweze pa chulu. Akufuna akaone Chiromo.