Chitseko cha Bulugamu ndi Apongozi Anga

Ine ntchito yanga ndi ya pasikelo ku esiteti, kuyeza masamba a tiyi tsiku ndi tsiku, ndiye m'mutu mwangamu munakhazikika zoti chinthu cholemera ndiye chabwino. Chaka chatha tinaganiza zokonzanso nyumba yathu ku Khonjeni, kwawo kwa mayi a kunyumba, poti ine kumeneko ndine mkamwini. Khomo lakuseri ndinalitseka ndi njerwa kuti patuluke chipinda china, m'mawindo ndinaikitsa zitsulo zonenepa, chinatsala ndi chitseko chakumaso. Ndinkafuna chitseko choti akuchikazi akachiona adziwe kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wamba.

Kalipentala wathu, a Khoviwa, anati tipitire limodzi ku Luchenza kukasankha matabwa. Ndinakana. Munthu woyeza zinthu moyo wake wonse angamusankhire thabwa ndani? Nditafika ndinayamba kunyamula limodzilimodzi, lopepuka kuponya uko, lolemera kuika pambali, moti pobwerera wakabaza anachita kutsika n'kumakankha njinga.

A Khoviwa atawaona anakanda limodzi ndi chala, n'kununkhiza.

"Akulu, bulugamu uyu wachekedwa dzana. Kulemeraku ndi madzi. Si inu mumabweza masamba onyowa pasikelo?"

"Khomani basi," ndinatero ine. "Tiyi ndi tiyi, thabwa ndi thabwa."

Anakhoma. M'mwezi wa Juni chinali chitseko ndithu, alendo ankachigogoda ngakhale chili chotsegula. Kutangoyamba kutentha chinayamba kupindika, kumtunda kuloza kwina kumunsi kwina, potsegula kumachita kuchimenya ndi phewa uli panja. Kuitana a Khoviwa, manyazi. Ndinabwereka chopalira n'kupala ndekha, ndipo ndinapala mbali yomwe sinkagwira n'komwe. Kenako ndinachithira oilo wakutha wa kuchigayo, chinangoda basi. Mapeto ake tinasiya kuchitseka chonse, tinkangochitchinga ndi mpando.

Tsono mwambo wathu mukuudziwa, mkamwini ndi apongozi aakazi sayandikana. Zaka khumi ndi ziwiri ine ndi apongozi anga tinkalonjerana chapatali, maso pansi, tikakumana panjira wina ankapatukira m'tiyi.

Loweruka lina masana, nditapempha tchuthi kuntchito, mayi a kunyumba ali kumtsinje, ine ndili m'kati kupaka laimu, mpando uja ndakwerapo. Apongozi anaodira, ine burashi ndaluma pakamwa, iwo poyesa kuti muli mwana wawo analowa. Mphepo yochokera kuphiri ija, phaa! Chitseko chatsekeka.

Abale inu, munayamba mwatsekeredwapo ndi munthu amene simuloledwa kumuyang'ana? Iwo anatembenukira khoma lakumadzulo, ine ndinathamangira chitseko. Kukoka, ayi ndithu. Khomo lakuseri ndinatseka ndekha, pawindo ngakhale mphaka sangadutse. Patapita nthawi ndinamva apongozi akuyankhula ndi khoma.

"Khoma iwe, uwauze eni nyumba kuti ndasiya nyemba pamoto."

Nanenso ndinayang'ana khoma langa. "Uwauze kuti tikuyesetsa."

Ndinakuwa pawindo. Inali nthawi yoti othyola tiyi akuweruka, madengu kumsana, omwe aja ndimawabwezera masamba. Anadzaza bwalo lonse. Amuna atatu anachimenya ndi mapewa, chinangolimbirako, enawo ntchito kusuzumira.

"A sikelo, muli ndi ndani m'menemo?"

Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire. Ndinaponda khoma ndi mwendo umodzi, n'kukoka chogwirira ndi manja awiri, mphamvu zonse. Chogwirira chinazuka, ine chagada, khu! Chipewa chomwe sindinkavula pagulu uko, mutu pamapazi a apongozi. Iwo anayang'ana pansi, ine ndinayang'ana kumwamba, tinaonana maso ndi maso koyamba chikwatirire mwana wawo.

A Khoviwa anafika patatha maola awiri ndi chitsulo chozulira misomali. Anachotsa chitseko chonse ndi felemu yomwe. Nyemba zinali zitapserera kalekale.

Apongozi anatuluka mwaulemu wawo, anakonza chitenje, n'kudutsa pakati pa gulu lija mpaka pomwe panaima mwana wawo ndi ndowa kumutu. Ine ndinkadikira mlandu, mwina kundiuza kuti ndilongedze ndizipita kwathu. Koma iwo, mokweza kuti aliyense amve:

"Iwe Esinati, zaka zonsezi osandiuza kuti amuna akowa ali ndi dazi?"

Panopa pasikelo munthu akamandipatsa dengu amayamba wayang'ana chipewa changa. Mukadzandionanso ku Luchenza ndikunyamula thabwa ndekha, mudzandilande, mudzandimenye nalo.